Fandingi siinabwere

Ine ndine mesenjala pa koleji ina ya mishoni yophunzitsa anamwino. Sukulu ndinalekezera Fomu 2, koma za chuma cha boma musandiderere, chifukwa kalata iliyonse yopempha ndalama imadutsa m'khwapa mwanga.

Makoleji a pansi pa bungwe la zaumoyo la mipingo la CHAM, monga a ku Nkhoma, Ekwendeni, Malamulo ndi Mulanje Mission, sanamangidwe kuti eni ake alemere. Mipingo inamanga, boma limaikapo dzanja. Yathu sindiitchula, ntchito ndikuifunabe.

Dzanja la bomalo ndi lalitali ndithu, koma limatambasuka mwaulesi. Likachedwa, koleji yonse imalankhula mawu awiri okha: fandingi siinabwere. Jenereta yazima? Siinabwere. Ophunzira adya nyemba Lolemba mpaka Loweruka? Siinabwere. Chodabwitsa n'chakuti nthawi imeneyi ndiye timachenjera. Pepala timalemba mbali zonse, babu wa m'khonde timasinthana ndi wa kulaibulale, ndipo ine ndimasanduka mlonda, plambala ndi wokankha minibasi ya koleji, malipiro omwewo.

Ndiye ibwere! Chaka cha boma chimatha pa 31 Malichi, choncho ndalama yobwera mochedwa imafunika kudyedwa msanga. Mabwana amakumbukira kuti nzeru zimabwera bwino pafupi ndi madzi, basi ulendo wa ku Mangochi kukakambirana za kagwiritsidwe ntchito kabwino ka ndalama. Ine ndimadzudzula mchitidwewu mwamphamvu, makamaka dzina langa likasowa pamndandanda wa alawansi. Likapezekapo, ndimaona kuti wekishopu ndi chitukuko.

Komanso ndalama ikamagona m'njira imaonda. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, bajeti italembedwa kale. Ndalama ya matumba khumi a chimanga inafika ikutsimphina, ogulitsa nkhuni atatopa kale kutipatsa pangongole.

Maphunzirowa ndinayesa kuwagwiritsa ntchito kunyumba. Mayi a ana atafunsa ya ndiwo, ndinakhosomola ngati akauntanti n'kunena kuti fandingi siinabwere. Madzulo anandiikira nsima ndi mchere pambali, n'kundiuza kuti ndiwo zili pa vocha yodikira siginecha.

Ndiye inu a ku Lilongwe, sitikupempha zambiri. Tumizani pang'ono pomwepo, koma pa tsiku lake, kuti namwino amene adzakubayeni jakisoni mawa akhale woti anaphunzira magetsi akuyaka.