Malangizo kwa nyanja yofuna kutchuka ndi El Niño

Inu a Pacific, tamva kuti mukufuna dzina lanu lizitchulidwa pa wailesi mpaka ku Nsanje. Khalani pansi tikulangizeni.

Yambani ndi kuunjika madzi otentha kumadzulo, cha ku Indonesia ndi Papua New Guinea. Apa musadzitame, poti ntchitoyi imakugwirirani ndi mphepo ya masiku onse yochokera kummawa.

Koma kutentha kokha sikungakupatseni mbiri. Mufunika mphepo yosokonekera mutu yochokera kumadzulo, yoomba sabata imodzi kapena ziwiri basi, kuti ikankhire madzi otenthawo kummawa. Funde la madziwo limayenda chapansipansi miyezi pafupifupi iwiri, n'kukafika ku Peru, komwe limapondereza madzi ozizira amene nsomba za anchovy zimadalira. Tsono mphepo imeneyi siyiitanidwa. Ili ngati mlamu wa m'tauni: mukamphera nkhuku sabwera, tsiku la chigwada ndi uyo pakhomo. Mu 1997 inabwera mobwerezabwereza, ndipo mpaka lero anthu akusimbabe za chaka chimenecho.

Zikakanika musagwe ulesi. Kumbukirani 2014. Mu Febuluwale ndi Malichi mphepo ija inaomba bwino, funde lalikulu linanyamuka, ena n'kuyamba kulosera El Niño woopsa. Pofika Juni, ya kummawa inabwerera ndi ukali, nkhani yonse zii! Apo chofunika n'kusataya madzi otenthawo. Inu munawasunga, mu 2015 mwayi unakugwerani, ndipo mu Epulo 2016 Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti Malawi ali pa ngozi ya njala. Anthu oposa 6 miliyoni anafunika chakudya cha thandizo. Kutchuka kumeneko.

Akatswiri a zanyengo a bungwe la NOAA musawaope. Anamangirira zida zoyandama pamsana panu, ndipo kutentha kwanu amakudziwa ngakhale chapansipansi. Chowasowetsa tulo ndi mphepo, imene sangailosere tsiku ndi tsiku kupitirira masabata awiri. Amayendetsa kompyuta kambirimbiri, akungosintha pang'ono poyambira, nthawi ina imatulutsa chilombo, nthawi ina kamwana kopanda mano. Akamati “mwina”, sakubisa kanthu ayi.

Alimi a ku Chikwawa akadzakuzengani mlandu wa chimanga chofota, yankho likhale lalifupi: inu munangosunga madzi, wokankha ndi mphepo. Akaisumire kwa amfumu ngati akudziwa mudzi wake.