A Sisopu a ku Kavalamanja ndi mafunso a pa waya

Mu 1991 kompyuta ya pa yunivesite ya UNZA inayamba kutumizirana makalata ndi ya ku Rhodes University ku South Africa, pa waya wa telefoni, kudzera mu FidoNet. Mnyamata wina wa ku Kavalamanja amene ankagwira ntchito ku Lusaka anasirira, n'kutsegula bolodi lakelake la mauthenga pa kompyuta ya kunyumba. Analembera amayi ake kalata kuti tsopano ndi sisopu, mwini bolodi. Pa Khirisimasi atafika kumudzi anapeza amayi a kwaya ayala zitenje kuchokera pamsewu mpaka pakhomo. Amayi ake anamuyang'ana kumutu n'kumunong'oneza: "Iwe, anthu akudikira bishopu. Chisoti chija wasiya m'basi?"

Madzulo amalume ake anafuna kumva za bolodilo. "Munthu wa kompyuta ndi modemu amaimba nambala yanga, amalume, n'kusiya uthenga, wina n'kudzauwerenga." Amalume anagwedeza mutu. "Ndiye mlambe wathu wa pabwalo uja, pamene timakhoma zidziwitso za katemera. Wakowo uli ndi mthunzi?" "Ayi." "Umabala malambe?" "Ayi." "Nanga ku Lusaka unapitira chiyani?"

A Sisopu anafuna kuwonjezera pulogalamu ya mafunso pa bolodi. Mapulogalamu owonjezerawa eniake amawatchula zitseko, poti munthu amatuluka pa bolodi n'kulowa mmenemo kukasewera. Pa chakudya anadandaula kuti chitseko chawo chikukana kutseguka. Apongozi awo, kalipentala wodziwika chigwa chonse, anangoti zii. Sabata yotsatira anatulukira ku Lusaka ndi sowo, mahinjesi ndi misomali. Anaizungulira kompyuta kawiri, anaigogoda kumbuyo, n'kuusa moyo: "Akamwini, vuto ndaliona. Mwagula chitseko musanaike felemu."

Agogo aakazi anapita ku Lusaka kukaonetsa maso kuchipatala, ndipo anagonekedwa pabalaza. Pakati pa usiku wina anaimba, modemu n'kuyankha: tiii, kwiii, shuuu! Ola lina kwiii, tambala woyamba kwiii. M'mawa a Sisopu anapeza mchere wathiridwa kuzungulira tebulo. Agogo anawakokera pambali: "Mdzukulu wanga, chimene ukuweta m'kabokosimo sindifunsa, chuma n'chako. Koma uzichipatsako chakudya. Chalira usiku wonse."

Bolodi lisanamupereke munthu kwa pulogalamu ya mafunso limalemba kafayilo kotchedwa DOOR.SYS, mokhala dzina lake ndi nthawi imene yamutsalira. Tsiku loyesa anakhazika amalume pampando. Kompyuta inawalonjera ndi dzina lawo lenileni, kenako inalemba: "Mwatsala ndi mphindi 30." Amalume anavula chipewa, nkhope yonse thukuta. "Itanani abusa. Ndipo mukawauze azakhali anu kuti mbuzi ija sinagwidwe ndi ng'ona, ndinagulitsa ndine."

Woyamba kuimba kuchokera ku boma la Luangwa anali mphunzitsi wina wodzitama, amene anabwereka kompyuta ndi foni ya mu ofesi. Tsiku limenelo a Sisopu anaiwala kudzutsa FOSSIL, kapulogalamu kolumikiza mafunso ndi modemu. Mafunso ankaoneka ku Lusaka kokha, ku Luangwa kuli mdima bii. Aphunzitsi anakhala mphindi 20 akuyang'ana galasi lakuda, pensulo kukamwa. Atatuluka anzawo anafunsa mmene zayendera. "Abale, mayeso ndalemba ambiri, koma awa ndi a madigiri. Ngakhale funso amabisa."

Mawa lake mafunso anafika, koma kunja kunali mphezi ndipo waya unkasokosera. Pa galasi panatuluka "}x~#{k?" Aphunzitsi anakonza magalasi awo. "Ichi ndi Chipwitikizi cha patsidya apa pa Zumbo, ine ndimagula nsomba kumeneko." Analemba kuti "Obrigado." Kompyuta inati alakwa. Aphunzitsi sanagwedezeke: "Basi ndiye Chishona cha ku Kanyemba."

Oimba ambiri ankadikira usiku, ndipo zimenezi sizinawasangalatse akazi a a Sisopu. Foni ikangolira, amuna awo ankadzambatuka n'kuthamangira pabalaza ndi kabudula. Usiku wina mayi anawatsogolera, n'kunyamula foniyo. M'khutu munangomveka shuuu. "Ndinu ndani mayi inu, wongopumira m'foni usiku uliwonse? Lankhulani!" Waya unaduka, pa galasi panalembedwa NO CARRIER. Mayi anawerenga n'kutembenuka: "Bambo a mwana, mwamva? Ngakhale kompyuta yanu yati no. Nanga Kariya ameneyu ndi wa kuti?"

Kenako a Sisopu anaganiza zopita ndi kompyuta kumudzi, kuti akayese mafunso popanda waya. Pa Luangwa Bridge, pamene msewu wa ku Feira umapatuka pa Great East Road, wapolisi anawaimitsa n'kuloza kadisiki kamene kanali m'thumba la malaya. "Umu muli chiyani, bwana?" "Mafunso 500." "Anu?" "Anga." Wapolisi anaitana mnzake: "Bwera udzaone. Akuluwa akuyenda ndi mafunso awoawo, pomwe ofunsa pano ndife."

Kumudzi, jenereta italira, pulogalamu inayamba ndi uthenga wa mwini wake wa ku America: yesani kaye, ikakusangalatsani mutumize ndalama. Anthu anafunsa ngati mzunguyo amatuma munthu wodzatolera. A Sisopu anati ayi, amangokhulupirira. Mayi wina wophika kachasu wa masau anaseka mpaka kugwira nthiti. "Amwene, mzunguyo mumuuze atseke msanga. Ine ndinayesa zoti lawani kaye, mulipira mawa. Chaka chachitatu chino mudzi wonse ukulawabe."

Pofuna mafunso a kumudzi, a Sisopu anapita kwa anyakwawa ndi nkhuku m'manja. "Mfumu, ndikupempha mafunso a makolo, koma funso lililonse likhale ndi yankho limodzi lokha." Anyakwawa anayang'ana nduna zawo. "Mwana wanga, pa bwalo langa funso limodzi limatenga masiku atatu, mayankho 12 ndi mbuzi. Funso la yankho limodzi ndimalidziwa limodzi lokha: wakhoma msonkho?"

Msodzi wina anakankhidwa kuti ayambe. Funso linati: "Ndi mayiko angati amene amakumana pamene Luangwa amathira mu Zambezi?" Ana asukulu anayamba kunong'ona kuti atatu, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe. Msodzi anawakalipira kuti akhale chete, iwo bwato sanapalasepo. "Lembani kuti zimatengera. Ukamapita wopanda kanthu, ndi madzi basi. Ukamabwera bwato litadzaza pende, mayiko amakwana seveni, ndipo lililonse lili ndi yunifomu."

Agogo aamuna anafunsidwa dzina lakale la boma la Luangwa. "Feila!" anayankha asanapume n'komwe, mdzukulu n'kulemba momwemo. Kompyuta, imene inkangodziwa "Feira," inati alakwa. Agogo anadzuka ndi ndodo yawo. "Ine ndinabatizidwa ku Feila, ndinakwatira ku Feila, msonkho wa atsamunda ndinkathawira ku Feila. Kanthu aka kanabadwa liti?" "Chaka chatha, agogo." "Ndiye kauzeni kazigwada polankhula ndi akulu."

Kunali mu Okutobala, dzuwa la m'chigwa likuphika miyala, ndipo kompyuta inayamba kuchita chibwibwi. Inalemba kuti "Ndani anaba" n'kuima. Pabwalo panagwa bata. Anyamata awiri anakumbuka kuti asiya ukonde padoko, mkulu wa mpingo anamva m'mimba, msungichuma wa komiti ya mjigo analumpha mpanda. Kompyuta itapuma inamaliza: "dwa ku Lubwa, ku Chinsali, mu 1924?" Wotsala woyankha kuti Kenneth Kaunda anali agogo aja okha, poti ndodo yawo inali itagwera patali.

Asing'anga a m'mudzimo analengeza kuti iwo sawerenga funso, amangoombeza. Anayala chikopa, anagwedeza nsupa, n'kumatchula: "C! A! C! D!" Pomaliza kompyuta inati akhoza 2 pa 10. Anthu anayamba kutsokomola. Asing'anga anapinda chikopa chawo mwaulemu. "Musandiyang'ane ine. Mizimu yanga ndi ya kale, inalekera sukulu Giredi 2."

Funso lina a Sisopu analiika podzikonda: "Chinachitika n'chiyani chachikulu mu 1978?" Yankho la m'kompyuta linali lakuti mu Febuluwale chaka chimenecho Ward Christensen ndi Randy Suess anatsegula bolodi loyamba la pa foni ku Chicago, atatsekeredwa m'nyumba ndi chipale chofewa. Akuluakulu onse anayankha kamodzi kuti mu Malichi asilikali a Ian Smith anaukira Kavalamanja. Kompyuta inati alakwa. Mayi wina wokalamba anailoza ndi chibwano: "Isiyeni. Ife tikuthawa ndege m'tchire, iyo inali ku Chicago ikuwotha moto."

Madzulo pulogalamu inaonetsa mndandanda wa opambana. Pamwamba panali kamtsikana ka Giredi 7, pansi penipeni anyakwawa. Nduna zinakhala upo. Zinauza a Sisopu kuti asinthe, iwo anati kompyuta siilola. Zinafunsa ngati ingalandire tambala, iwo anati siidya. Nduna yaikulu inavula jekete, inanyamula galasi lonse n'kulitembenuza chadodolido. "Mfumu, onani tsopano. Chilungamo chaoneka."

Lachisanu linali tsiku la mpikisano waukulu, ndipo a Sisopu anasindikiza mayankho pa pepala lalitali la zibowo m'mbali, n'kulibisa m'khitchini. Mlongo wawo, wogulitsa nsomba zouma, analipeza. Pa mpikisano anthu amene sanapondepo m'kalasi ankatchula malikulu a mayiko a ku Ulaya osaphethira. Onse ogula pende anakhoza 10 pa 10. Bambo wina amene anapeza 5 anapita kukadandaula pa benchi la nsomba: "Mayi, ine ndinagula mcheni wathunthu. Bwanji munandikulungira theka la pepala?"

Kompyuta itabwerera ku Lusaka, aphunzitsi a ku boma aja anaimba mwezi wathunthu mpaka dzina lawo linafika pamwamba pa mndandanda wa ku Lusaka. Bilu inabwera mu 1994, chaka chimene kampani ya mafoni ya PTC inagawidwa kukhala Zamtel ndi Zampost, ndipo abwana awo anati idulidwe kumalipiro. Akazi awo anafunsa: "Ndiye mwapambana chiyani, abambo?" "Dzina langa lili pa nambala wani." "Chabwino. Kalitengeni, ine ndatereka kale madzi. Tidyera lomwelo."

Ana a aphunzitsiwo anafunsa chifukwa chimene kampani ya mafoni yagawikira pawiri. Mayi awo anayankha akusenda maungu: "Bilu ya atate anu inalemera. Kampani imodzi sikanatha kuinyamula."

Mu Novembala 1994 kampani ya ZAMNET inalumikiza Zambia ku intaneti, ndipo pang'onopang'ono oimba a pa bolodi anayamba kusowa. Agogo aakazi atabweranso ku Lusaka anagona pabalaza pomwe paja, usiku wonse kuli zii. M'mawa anapeza mdzukulu wawo atagwira tsaya patsogolo pa kompyuta. "Chafa?" "Chafa, agogo. Intaneti ndiyo yachipha." Agogo anawomba m'manja. "Usanamizire anzako. Ine ndinakuuza kuti uzichipatsa chakudya."

Zanga zathera pomwepa, abale. Waya ndi umodzi ndipo wina akuimba, choncho tulukani anzanu alowe. Amene ali ndi nthabwala yake abwere nayo sabata yamawa, koma bilu alipira yekha.