Galimoto Yosadya Mafuta Yafika ku Katuli

Mnyamata wa ku Katuli akapita ku Joni, a kumudzi amadziwa kale mndandanda wa zimene zidzabwere. Chaka choyamba amatumiza mabulangete ndi foni ya amayi. Kenako njerwa ziwotchedwe, malata akhomedwe, sola ikwere padenga. Zikatero imafika njinga yamoto yoti mng'ono wake azichitira kabaza. Zonsezi zikatha, amene akhala akumuwerengera zaka zimene wagwira ntchito m'masitolo a ku Fordsburg ndi ku Mayfair mu Johannesburg amayamba kufunsana motsitsa mawu: "Kodi achimwene aja chaka chinonso abwera pabasi?"

Kale yankho silinkavuta. Munthu ankabwera ndi chigalimoto cha nambala ya GP, cholira kwambiri, chomveka chikadali kutsidya kwa dambo. Masiku ano mafuta aphunzitsa anthu masamu. Mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, ndipo patangodutsa masiku ochepa bungwe la MERA linakweza petulo kuchoka pa K1,746 kufika pa K2,530 pa lita. Chakumapeto kwa 2024 madalaivala ankagona m'mizere pamalo omwetsera mafuta dziko lonse, ndipo mu October 2025 lita inafika pa K3,499. Kumadera a m'malire ngati Katuli, kumene petulo wa m'botolo la m'mphepete mwa msewu ndiye amapulumutsa ulendo, mtengo umatengeranso nkhope ya wogula ndi changu chimene wabwera nacho. N'chifukwa chake dzina limene lili pakamwa tsopano ndi Aqua.

Toyota Aqua ndi kagalimoto kazitseko zisanu, kofupika kumbuyo, kamene kanayamba kugulitsidwa ku Japan mu December 2011. M'mayiko ena amakatcha Prius c. Kali ndi injini ya petulo ya malita 1.5 komanso mota yamagetsi, ndipo ziwirizi zimalandirana ntchito. Mnzake wopikisana naye pamsika ndi Honda Fit ya haibulidi. Ku Japan boma limayeza galimoto zaka ziwiri zilizonse ndipo kuyezetsako kumadula, choncho ambiri amagulitsa galimoto zawo zikadali ndi mphamvu. Zimene iwo atopa nazo ndi zimene kuno timazitcha zatsopano.

Kugula kwake ndi ntchito ya komiti. Lachisanu anthu akatuluka mumzikiti, foni ya wogula imayenda dzanja ndi dzanja m'tiyirumu, chithunzi chikukulitsidwa ndi zala zamafuta a mandasi. Ambiri amayambira pa tsamba logulitsa galimoto la Be Forward, dzina limene ngakhale osadziwa chiwongolero analizolowera pamalaya a timu ya Wanderers, kapena pa la SBT. Akatswiri a galimoto ku Katuli ndi ochuluka kuposa galimoto zenizenizo. Amene amayenda panjinga yakapalasa ndiye amanenetsa kuti makilomita olembedwawo achuluka. Telala amakana yofiira chifukwa imasuluka ndi dzuwa. Wogulitsa usipa, amene mlamu wake anakwerapo Aqua ku Limbe, amalumbira kuti thanki imodzi imafika ku Mzuzu n'kubwerera.

Amjomba, amene palibe chachikulu chingachitike pambumba iwo osavomereza, amaona mtengo wa madola pachithunzi, amauchulukitsa ndi mtengo wa dola wa kubanki umene anamva pawailesi, n'kugamula kuti galimoto ndi yotchipa. Sanawerengere sitima yapamadzi. Sanawerengerenso kuti dola ya mtengo wa pawailesiyo imamveka kokha koma sioneka, ndipo imene imapezeka ili ndi mtengo wina.

Sitima ikakocheza padoko la Dar es Salaam, galimoto imavekedwa nambala ya IT n'kuyendetsedwa kudutsa Tanzania yense mpaka pachipata cha Songwe ku Karonga. Apo a MRA amawerengera msonkho potengera zaka za galimoto ndi kukula kwa injini. Kutsogoloku kuli inshulansi, kalembera wa ku Road Traffic, COF, ndiponso madobadoba amene amakupatsa moni ngati munasewerera limodzi muli ana. Pofika tsiku limene nambala ya MH ikhomedwa, mwini galimoto amakhala atasiya kuyankha funso lakuti "yonse yakwana zingati". Amangoti, "Mulungu ndi wamkulu, amjomba."

Ndiye limafika tsiku lolowa m'mudzi. Galimoto yawoloka Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi, yakwera mapiri a Chowe, yasiya phula la ku Namwera ndi Chiponde, yameza fumbi. Mwini wake wavala mkanjo woyera ndi magalasi akuda, chigongono chili pawindo. Akuyembekezera ana kuthamanga, amayi kululuta, anthu a pamsika kutembenuka.

Palibe amene akutembenuka. Ikamayenda pang'onopang'ono, Aqua imazimitsa injini n'kumakwawa ndi magetsi okha. Imalowa pabwalo ngati mkamwini amene wachedwa kubwera usiku ndipo sakufuna kudzutsa apongozi. Mbuzi yagona pakati pa njira siisuntha. Nkhuku ikupitiriza kupalasa. Anganga, amene akupeta mpunga chakumbuyo kwa khomo, amadzidzimuka atamva chitseko chikutsekedwa, ndipo funso lawo loyamba ndi lakuti: "Mwachita kukankha kuchokera kuti, ambuje? Mafuta anathera pati?"

Kumudzi munthu sangofika, amaodira. Galimoto imene siodira imachititsa manyazi mwini wake. Ena amathetsa vutoli poliza hutala kuyambira pa mjigo mpaka pakhomo. Ena amaponda moto ali chiimire kuti injini idzuke, anthu amve kuti ndalama inapita pa chinthu chamoyo.

M'kati mwake mulinso mlendo. Ukangodina batani loyatsira, mawu a mayi wa ku Japan amalankhula kuchokera pena pake pansi pa chiwongolero. Nthawi zambiri amakhala makina olipirira misewu ya kwawo akudandaula kuti khadi silinalowetsedwe, koma ku Katuli aliyense ali ndi kumasulira kwake. Ana amati akupereka moni, ndipo amayankha. Mkazi wa mwini galimoto amangofunsa kamodzi kuti ameneyu ndani, n'kukhala chete kwa nthawi yaitali kuposa mmene funsolo limafunira. Mapu a pagalasi amasonyeza kuti galimoto ili m'misewu ya ku Japan kapena pakati pa nyanja yamchere, pamene ili pansi pa mtengo wa mango. Wailesi nayo inapangidwira kwawo, kumene FM imayambira pa 76 n'kuthera pa 90 pa mawailesi akale, choncho masiteshoni ambiri a kuno samveka mpaka munthu atagula kachipangizo kowonjezera.

Mmene imagwirira ntchito si matsenga. Pansi pa mpando wakumbuyo pali batire lalikulu la mavoti 144. Silitchajidwa pasoketi, ndiye ESCOM ikazimitsa magetsi galimoto ilibe nazo kanthu. Injini ndiyo imalidzaza, komanso mabuleki: dalaivala akamachepetsa liwiro, mota imasanduka jenereta n'kubweza mphamvu m'batire. Pa mayeso a ku Japan, Aqua yoyamba inalembedwa kuti imayenda makilomita 35.4 pa lita imodzi. Pamsewu weniweni imayenda ochepera apo, komabe imaposa patali galimoto wamba, ndipo thanki yake ndi ya malita 36 okha.

Mwini galimoto amafotokoza zonsezi monyadira tsiku loyamba, anthu atazungulira boneti. Apa ndi pamene amadzipachika yekha. Mawu onena za mota, jenereta ndi mavoti amathera pomwepo pabwalo. Amene amafika kumsika, kuchigayo mpaka kutsidya kwa malire ndi atatu okha: sidya mafuta ija.

M'mawa mwake pakhomo pamakhala anthu. Mwambo wakale unali woti wopempha galimoto amabwera ndi kenakake m'manja, amvekere "nayi ya mafuta". Kwa mwini Aqua mwambowo unathetsedwa popanda msonkhano. Alamu ali ndi mlandu kwa mfumu. Azakhali akufuna kukaona wodwala kuchipatala cha boma ku Mangochi. Kuli ukwati wa ndowa, kuli ana otuluka m'chinamwali ku ndagala amene ayenera kuonekera m'galimoto, kuli maliro kumudzi kumene njira yake ndi ya ng'ombe.

"Alamu, tingoponyako pang'ono ya petulo," amayesa mwini wake, akuyang'ana pansi.

"Petulo wachiyani, alamu? Paja munanena nokha kuti imayendera mabuleki."

Amjomba sapempha n'komwe. Amangopezeka atakhala kale kutsogolo, chipewa chili pabondo, akufunsa ngati tikunyamuka. Mwezi ukamatha, galimoto yosadya mafuta imakhala itayenda maulendo ochuluka kuposa Sienta zonyamula matola, ndipo mwini wake wagula petulo wambiri kuposa mnzake wa chigalimoto cholusa, amene anthu amamuopa chifukwa aliyense amadziwa kuti chake chimamwa.

Chiwerengero cha okwera nacho chili ndi malamulo ake. A ku Japan anaika mipando ya anthu asanu. Ku Katuli mwana sawerengedwa, wowonda amawerengedwa theka, ndipo thumba la nandolo si munthu. Vuto ndi lakuti batire lija limapuma kudzera pa kachibowo kali m'munsi mwa mpando wakumbuyo, pamene pali kafani kokoka mphepo. Pomwepo ndi pamene pamatsamira zitenje, mitolo ya chinangwa ndi nkhuku yomangidwa miyendo. Fumbi la mu October likawonjezera, batire limatentha, injini imayamba kulira nthawi zonse, ndipo okwera amayamikira kuti tsopano galimoto yazolowera kuno.

Dzinja limabwera ndi mayeso ena. Mimba ya Aqua ili pafupifupi masentimita 14 kuchokera pansi, chifukwa inapangidwira misewu ya ku Nagoya. Pamsewu umene lole ya fodya yakumba mikwasa iwiri, kagalimoto kamakhala pamimba, matayala akuzungulira m'malere. Okwera amatsika mwaulemu, amaima pouma, n'kumapereka malangizo. Anyamata okankha amatulukira kuchokera kumene sikudziwika, mtengo atagwirizana kale. Amjomba, amene satsika, amatsegula windo pang'ono n'kukumbutsa mphwawo kuti walira mvula walira matope. Tayala likaphulika m'pamene ambiri amazindikira kuti Aqua zochuluka zimabwera zopanda sipeya, m'buti muli kabotolo ka mankhwala omatira ndi kapampu basi.

Amakaniko a pansi pa mtengo, amene angathe kumasula injini ya njinga ya Lifan maso ali chitsinzire, amaima patali ndi Aqua. Amva kuti mawaya a mtundu wa lalanje aja amapha, ndipo apa sakunama. Galimoto imeneyi imafuna kompyuta yoti iwerenge chimene chavuta, imafuna oyilo wopyapyala wa 0W-20, osati uja wa m'chigubu amene amathiridwa m'chigayo ndi m'thirakitala momwe. Nyale yachenjezo ikayaka, ulendo ndi wa ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Mmisiri wakumudzi, kuti asaoneke wogonja, amagogoda tayala ndi sipanala, amamvetsera, n'kunena kuti vuto ndi la ku Japan komweko.

Komabe pali malo amodzi pamene mwini Aqua amabweza ulemu wake wonse. Potsika mapiri a Chowe kulowera ku Mangochi, msewu ukukhotakhota, nyanja ya Malombe ikuoneka m'munsi, madalaivala ena amanunkhitsa mabuleki. Iye amaika giya pa B, timizere ta batire timadzaza timodzitimodzi, ndipo mulingo wa mafuta sutsika. Pamzere wa petulo kuboma, pamene anzake akukangana ndi a zigubu, iye amathira malita khumi n'kuchoka akumwetulira. Tsoka lake ndi lakuti m'galimotomo mumakhala mboni zisanu ndi ziwiri, ndipo madzulo omwewo Katuli yense amakhala atamva kuti potsika phiri mafuta amachita kuwonjezekera.

Pakatha chaka mwini galimoto amakhala ataphunzira. Amayamba kuusa moyo pagulu. Amauza wometa tsitsi, mwachinsinsi choti chifike paliponse, kuti batire lafooka, kuti latsopano mtengo wake ndi wa ng'ombe zingapo, kuti masiku ano ikumwa kuposa minibasi. Galimoto amaifunditsa lona kuseri kwa nyumba. Opempha amachepa, alamu amabwerera ku kabaza, amjomba amayamba kuyamikira ubwino woyenda pansi pa thanzi la munthu wamkulu.

Kenako amaganiza zoigulitsa kuti agule yaitali miyendo, yoyenera msewu wa kwawo. Wogula amabwera kuchokera ku Namwera ndi akatswiri ake awiri. Amazungulira galimoto, amatsegula boneti, amamvetsera injini imene sikulira, n'kutchula theka la mtengo. Mwini wake amalumbira kuti batire lili bwinobwino, kuti galimotoyi sidya mafuta, kuti ayese okha potsika Chowe.

"Ife tamva zina, achimwene," amayankha wogula, akupukuta fumbi pagalasi ndi chala. "Ndipo amene watiuza akuti anamva kwa inu."