Kalulu wa mphindi zitatu

Mwana wa mlongo wanga anafika ndi laputopu yong'aluka pakona, nkunena kuti akufuna kupanga katuni ya mphindi zitatu. Luso analiphunzira yekha pa YouTube, ndipo amagwiritsa ntchito Blender, pulogalamu yaulere, chomwe chili chifukwa chokhacho chomwe mayi ake anavomerera. Chinkamusowa ndi nkhani basi. "Amalume, tandiganizirani kanthu," anatero. Ine kulakwa kwanga kunali kuitchula nkhaniyi pa bawo. Pofika Loweruka, pakhonde panga ku Area 25 panali anthu 11.

Tinapangana 2 koloko, tinayamba 4 koloko itadutsa. Tinali tisanasankhe Tcheya, koma aliyense ankadziwa kuti mpandowo ndi wa a landilodi, choncho tinawadikira. Tikawaimbira ankati ali panjira, uku tikumva madzi akukhavukira m'bafa kuseri kwa mpanda.

Litatha pemphero, panabwera zisankho. Tinapeza Tcheya, wachiwiri wawo, mlembi ndi msungichuma, ngakhale chuma choti asunge panalibe. Mwini katuni sanapate udindo. Anamuuza kuti akadali mwana, athamange akabwereke mipando kwa aneba.

Oyamba kukweza mkono anali achimwene ena omwe kale ankayendetsa galimoto kubungwe. Anafunsa mwaulemu ngati pali kenakake. Titawauza kuti pali mandasi, anapukusa mutu ngati afika pamaliro. Anati iwo misonkhano yofufuza maganizo aiona yambiri, ndipo siichitikira pakhonde. Maganizo amabwera kunyanja, ku Salima kapena ku Mangochi, munthu atasainira envelopu.

Agogo aakazi a nyumba yakumapeto sanadikire kupatsidwa mwayi. "Padangokhala!" Tonse tinayankha kuti tili tonse, ndi a Tcheya omwe, ngakhale anali pafoni. Inali ya Kalulu ndi Fisi, ndipo inkayenda bwino mpaka achimwene aja anaidula. Anati kalulu wopanda uthenga palibe mzungu angamuikire ndalama. Kaluluyo azigona m'neti, adzale mitengo, asambe m'manja ndi sopo, ndipo mwana wake wamkazi apite kusukulu. Mayi msungichuma, omwe salumpha mapemphero a Lachinayi, anawonjezera kuti Kalulu ndi wabodza chibadwire, ndiye alape nkhani isanathe. Chinanso, nyama zisamayende maliseche pamaso pa ana. Mkazi wa Fisi avale chitenje, chamaluwa.

Apa mphwanga, mwini katuni uja, anakweza mkono, nkudikira mpaka mkonowo unachita dzanzi.

"Pepani akuluakulu," anayamba motero, maso ali pansi. Anafotokoza kuti kanema amaonetsa zithunzi 24 pa sekondi imodzi, koma ojambula katuni ofuna kupeputsa ntchito amajambula 12, chilichonse nkuchionetsa kawiri. Mphindi zitatu ndi masekondi 180. Mukachulukitsa, ndi zithunzi 2,160. Ndiye neti, mtengo, sopo, mwana wasukulu ndi maluwa a pachitenje, zonsezo zimayenera kuyenda limodzi ndi mwini wake pachithunzi chilichonse, ndipo woyendetsa ndi iye yekha.

Panangoti zii. A Tcheya anatsokomola. "Mfundo ya mwanayu yamveka. Tiibwerera pa zina ndi zina."

Asisi ogulitsa kaunjika anatulutsa foni. Anati ife tikukangana za akalulu pomwe a ku Zambia anatisiya kalekale. Anatchula Supa Team 4, katuni ya Malenga Mulendema yomwe inatuluka pa Netflix mu 2023, ya atsikana anayi opulumutsa mzinda wa Lusaka. Mphwanga anayesa kunena kuti imeneyo inagwiridwa ndi gulu la akatswiri, kuphatikizapo a Triggerfish a ku Cape Town, pomwe ife tili ndi mnyamata mmodzi ndi batire losafika ola magetsi akathima. Palibe anamumva. Mawu oti Zambia anali atakhudza kale mtima wa dziko, monga zimakhalira pampira. Tinamanga mfundo yoti athu akhale atsikana asanu.

Aphunzitsi opuma, omwe mpaka apa ankangolimbana ndi mandasi, anapukuta pakamwa. Anati iwo katuni amadziwa imodzi, Tom and Jerry, ya William Hanna ndi Joseph Barbera, yomwe inayamba mu 1940. Mphaka ndi khoswe, kulankhula kwenikweni palibe, neti palibe, kulapa palibe. Zaka zoposa 80 mphaka akuthamangitsa khoswe osamudya, ndipo palibe anamuitanitsa lipoti. Kunena zoona, amenewa ndiwo anali maganizo okhawo a tsikulo, koma aphunzitsiwo ali ndi ngongole ya lendi ya miyezi iwiri, ndiye mlembi anayang'ana nkhope ya a Tcheya nkusiya bolopeni pansi.

Tsoka linabwera ndi kope. Mphwanga ankajambulajambula chimene tinayambira, ndipo asisi aja analitsomphola nkuyamba kuliyendetsa. Munali fisi wamimba, malaya osafika palamba, mulu wa makiyi uli lende m'chiuno, akugogoda pachitseko dzuwa lisanatuluke. Aliyense akaliona ankaluma mlomo nkupatsira mnzake msangamsanga ngati mbatata yamoto. Linafika kwa a Tcheya. Analiyang'ana nthawi yaitali, makiyi awo ali chete.

"Fisi ameneyu ndi wakuti?"

"Wa ku Kasungu, bambo. Kupaki."

A Tcheya anagamula kuti fisi ndi nyama ya afiti, siyoyenera ana. Woipa wa m'nkhani akhale kondakitala wa minibasi woiwala dala chenji. Poti pakati pathu panalibe kondakitala, mfundoyi inadutsa popanda wotsutsa, ndipo anthu anaombera m'manja. Aliyense anali ndi kondakitala wake woti afotokoze, mpaka mdima unagwa. Zina ndi zina sitinafikepo. Tinagwirizana zokumananso Loweruka linalo, aliyense ndi K2,000 ya zoziziritsa kukhosi, ndipo mayi msungichuma anatseka ndi pemphero lopempherera Kalulu.

Loweruka linalo kunabwera anthu awiri, onse osatenga ndalama.

Patatha miyezi iwiri, mphwanga anatumiza kanthu pagulu lathu la WhatsApp. Masekondi 40 okha. Bambo wina wakhala pampando wobwereka, akuwodzera, ntchentche ikumuzungulira. Ikatera pamphuno amadzidzimuka, makiyi nkulira, iye nkuombera m'manja ngati wamva mfundo, kenako nkugonanso. A Tcheya anaseka mpaka misozi. Anatumizira abale awo onse, ndi a ku Joni omwe, ndipo anandiimitsa pachipata kundiuza kuti mwanayu ali ndi dzanja, aphunzitsi aja wawajambula ndendende.

Pa 1, nthawi ya 5 koloko m'mawa, ndinamva makiyi pakhomo.