Kalumo ka Mlendo Kanatsala pa Bwalo la Ndege

Akale anati mlendo amabwera ndi kalumo kakuthwa. Ankanena munthu wofika dzulo amene amadula mlandu umene eni mudzi atopa nawo. Zikuoneka kuti mwambiwu unafika ku Ulaya, koma unafika wopindika. Achinyamata akumeneko akamakonzekera kudzagwira ntchito yongodzipereka ndi kuyenda m'tchire la Zambia, amakaguladi kalumo kusitolo: kampeni kofiira ka ku Switzerland, kokhala ndi sizasi, chotsegulira botolo ndi chotokosera m'mano. Woiwala n'kukaika m'kachikwama ka m'manja, alonda a pa bwalo la ndege amamulanda asanaione n'komwe Lusaka.

Kukonzekera kwake si kwamasewera. Miyezi yathunthu mwana wa eni ake akugulitsa makeke ndi kutsuka magalimoto a anansi kuti ya tikiti ikwane. Akubayitsa katemera, akumeza mapiritsi a malungo udzudzu usanamulawe ngakhale umodzi. Nsapato zachikopa zofika m'akakolo akuyenda nazo ndi m'nyumba momwe kuti zifewe. Madzulo amadzaza chikwama ndi mabuku, n'kuchibereka, n'kumakwera masitepe, kutsika, kukweranso. Akuti akuphunzira kutopa. Kutopa kumene kuno timagawana kwaulere!

Ndiye afike ku Kavalamanja mu Okutobala. Wapatuka mumsewu wa Great East pafupi ndi mlatho wa Luangwa, paja amayi amayala nsomba zouma. Watsika makilomita pafupifupi 90 mpaka pa boma, ku Feira, pamene Luangwa amathira mu Zambezi, kenaka wakhotera kumtunda kwa Zambezi. Dzuwa la kuchigwa silimva Chingerezi. Pofika masana mapazi apsa m'nsapato zija, ndipo womutsogolera ndi kamnyamata kovala patapata womangidwa ndi waya, kakutafuna masau, kosatuluka ndi thukuta lomwe. Mlendo ali ndi mapu m'foni. Koma mapuwo sanena kuti ndowe izi zidakali zofunda, ndiye kuti njovu ili kuseri kwa mlambe uwo. Akavula malaya kuti adziponye m'madzi, kamnyamata kamamugwira mkono: "Apo ayi, bwana. Pali mwini wake." Mwini wakeyo wangotulutsa maso awiri pamwamba pa madzi, akudikira nkhomaliro yochokera kunja.

Pa ntchito ndiye mtima ali nawo, tisamunamizire. Amaponda dothi, amanyamula chikombole, amaumba njerwa mpaka matuza. Kungoti khoma akaliyala iye limaweramira ku Zimbabwe, ndipo mmisiri wa m'mudzi amati "Mwagwira ntchito, bwana," n'kudikira kuti mlendo akagone.

Anthu a ku Kavalamanja alendo amawadziwa mitundu yake. Pa 6 Marichi 1978 asilikali a Ian Smith anabwera ndi ndege kuchokera ku Rhodesia kudzaphwanya msasa wa ZIPRA ya Joshua Nkomo, ndipo asilikali a Zambia anafera pomwepo. Mpaka lero amakumbukiridwa chaka ndi chaka. Mudzi umene unaona malumo otere sungakwinyire nkhope mwana wobwera ndi mafuta odzola padzuwa. Amamuyalira mphasa, nkhuku n'kufera ulendo wake, agogo n'kumuphunzitsa kutema nsima osapsa zala.

Chimene chimandiseketsa ine n'chakuti mwana wa pamudzipa dziko lakunja amaliona tsiku lililonse akamasamba. Tsidya ilo ndi Zimbabwe. Akafika ku Feira, Zumbo wa ku Mozambique ali apo, bwato kupalasa pang'ono wafika. Kukonzekera kwake ndi nkhafi, chigubu chokapira madzi, ndi kuyang'ana kumene mvuu zagona lero.

Koma tayesani kumuuza kuti naye akadzipereke ku London, akaphunzitse anzake kuyenda tsiku lonse osawerenga mapazi pa wotchi. Kalumo ali nako, kakuthwa ndithu. Adzamufunsa pasipoti, viza, chikalata cha kubanki chimene alibe, ndi umboni wakuti sadzakhalitsa. Kumeneko mwambi umene anaugwira bwino ndi winawu, wakuti mlendo ndi mame, ndipo amafuna mamewo alembe pa fomu tsiku limene adzakamuke.