Biggie Amakhala Nyumba Yakutsogolo

Mphepo ya Julaye ikayamba kumwaza fumbi m'tinjira ta ku Mtendere, anthu amasintha mtima modzidzimutsa. Amene sanapatsane moni chichokereni kumaliro a chaka chatha amayamba kufunsana za ana. Mayi amene anatukwana mnzake chifukwa cha chingwe choyanikapo zovala amatuma mwana ndi mbale ya vitumbuwa, yovindikira bwino. Musaganize kuti kwabwera mlaliki wamphamvu. Big Brother Naija yatsala pang'ono kuyamba, ndipo pa poloti yonse ya zitseko zisanu ndi zitatu, dikoda yolipiridwa ili m'nyumba imodzi yokha.

Amake mapasa, eni dikodayo, amaidziwa nyengo yawo. Pampopi sakhalanso pamzere. Chigubu chawo chimadzaza chokha, wina n'kuwanyamulira mpaka pakhomo. "Aneba, chitenge ichi mwachigula kuti? Chakukhalani," amatero munthu amene wachiona chitengecho pachingwe zaka zitatu. Iwo amangomwetulira, n'kutulutsa kabuku. Aliyense wofuna kudzakhala pampando aponye kangachepe ka sabusikiripishoni. Wopanda ndalama abwere ndi mpando wake, kapena makala a m'mbaula, poti usiku wa Julaye suseka ndi munthu.

Chodabwitsa n'chakuti mkangano umayamba anthu odzalowa m'nyumba ya Big Brother asanalengezedwe n'komwe. Ku saluni mwamva kale kuti chaka chino mpikisano udzakhala wozizira, sudzafika pa wa Mercy Eke wa 2019. Kwa ometa tsitsi anyamata akuti ayi, chibwerereni Laycon mu 2020 palibenso wina wanzeru amene analowamo. Onsewa sanafikepo ku Lagos. Ena ngakhale ku Kitwe sanafikeko. Koma akufotokozerani khalidwe la anthu a ku Nigeria mpaka mungaganize kuti anakwatirako, ndipo mwana mukamutuma kukantemba amakuyankhani kuti "no wahala" asanalandire n'komwe ndalama.

Akuluakulu amangopukusa mitu. Kwa iwo Big Brother yeniyeni inali ya 2003, pamene Cherise Makubale wa ku Kitwe anakhala masiku 106 m'nyumba ya ku Johannesburg n'kubwerako ndi madola 100,000. Azimayi a zaka zimenezo amainena nkhaniyi ngati mwambo wa chinamwali. Mwana uja ankaphika, ankasesa, ankadzisunga, n'chifukwa chake Africa yonse inamuvotera. Amatero akuyang'ana mwana wawo wamkazi amene wagona pampando ndi foni, mbale za dzulo zili m'beseni. Anyamata nawo ali ndi bala lawo: Macky2 wa kwathu mu 2014, amene anafika tsiku lomaliza koma ndalama n'kupita kwa Idris Sultan wa ku Tanzania. Mpaka lero ku Mtendere kuli anthu amene amakhulupirira kuti anatibera. Umboni alibe, koma amalumbira. Big Brother Africa inathera pomwepo, ndipo chiyambire tsikulo timakangana pa ana a eni ake.

Pali a dikoni a chitseko chachitatu. Chaka chilichonse amachenjeza kuti pulogalamu imeneyi ndi ya Sodomu, ndipo amakumbutsa kuti ngakhale aphungu a ku Malawi anailetsa mu 2003. Zoti khoti linachotsa chiletsocho pasanapite nthawi, samazitchula. M'nyumba mwa amake mapasa salowamo. Amaima pakhomo, Baibulo m'khwapa, akuti adzangobwereka machesi. Machesiwo amatenga maola awiri kuti apezeke. M'mawa mwake ndi iwo amene amakufotokozerani amene anagona bedi la ndani, ndi mawu amene ananong'onezana pansi pa bulangete. "Ndimaonera kuti ndidziwe chopempherera," amatero, nkhope ili gwa.

Mdani wamkulu ndi magetsi. Mu 2024, madzi atachepa ku Kariba chifukwa cha chilala, panali masiku amene magetsi ankabwera maola atatu okha, nthawi zambiri anthu ali mtulo. Chaka chimenecho chinaphunzitsa anthu kukonzekera. Tsopano Julaye asanafike, komiti imakhala pansi: ndani ali ndi batire la galimoto, ndani ali pachibale ndi mwini jenereta wa pa bala, ndani ali ndi msuweni wolondera nyumba ku Kabulonga kapena ku Ibex Hill, kumene ma sola sazima, woti azitumiza uthenga Lamlungu usiku kuti watuluka ndani. Komiti ya ngalande yotsekeka ija sinakumanepo chiyambire dzinja. Iyi imakumana kawiri pa sabata, ndipo palibe wochedwa.

Ine chimene chimandiseketsa n'chakuti timalipira ndalama kuti tione moyo umene tili nawo kale. Taganizani. Anthu osadziwana, ochokera kosiyanasiyana, wina Chipata wina Kasama wina Mongu, atsekeredwa pamalo amodzi. Bafa ndi limodzi, ndipo aliyense amadziwa amene wachedwamo. Ndiwo zikasowa mumphika, mlandu umatha sabata. Makamera sitiwafuna, poti agogo a chitseko chakumapeto amakhala pampando wawo kuyambira m'mamawa, ndipo palibe mlendo wolowa usiku amene sawerengedwa. Kutchulana mayina oti achoke timachita tsiku lililonse, pampopi, motsitsa mawu. Biggie, wolamula m'nyumba ya Big Brother, kuno naye alipo. Amakhala nyumba yakutsogolo, ya matailosi, ndipo mawu ake amamveka m'zipinda zonse pa 1 mwezi uliwonse. Kungoti aku Lagos aja amadya zaulere, amavina Loweruka lililonse, ndipo wopirira kuposa onse amapatsidwa mamiliyoni ndi galimoto. Kuno wopirira kuposa onse amamukwezera renti.

A landilodi nawo amabwera kudzaonera, koma Lamlungu lokha, tsiku lochotsa anthu. Amapatsidwa mpando wa khushoni, sapereka kalikonse m'kabuku kaja, ndipo palibe amene anayesapo kuwakumbutsa. Woyendetsa pulogalamuyi, Ebuka, akangoima ndi suti yake n'kuyamba kukoka mawu asanatchule dzina, chipinda chonse chimagwira mpweya. Dzina likatchulidwa, atsikana amalira, anyamata amatukwana anthu osavota, chonsecho iwonso sanavote poti bandulo inatha Lachinayi.

A landilodi samalira. Amayang'ana mmene wochotsedwayo akutulukira msanga, osakangana, osapempha kuti adikire malipiro a pa 15, osaitana achibale. Kenaka amatembenuka pang'onopang'ono, n'kuyang'ana mnyamata wa chitseko chachisanu, amene ali ndi ngongole ya miyezi iwiri.

"Mwaona, bambo? Anzanu akauzidwa, masekondi khumi atuluka."

Mnyamatayo amapempha amake mapasa kuti akwezeko voliyumu.