Kalata Yogwada kwa Mfumu Under Review

Gogo Chalo, mwini bwalo, inu a Under Review,

Ndavula nsapato, ndagwada, ndawomba m'manja katatu. Ndine kapolo wanu, mphunzitsi wa Chinyanja pa kasukulu kena kuno ku Mambwe, m'dziko la Akunda, komwe mu Okutobala ngakhale nkhuku imayenda itayasama kukamwa. Pepani kuti fumbi ngati ine latsegula pakamwa.

Simundidziwa, Bambo, koma ine ndimakuonani tsiku ndi tsiku. Ndimakwera pachulu cha kuseri kwa kalasi ya giredi 7, pomwe netiweki imagwirako pang'ono, n'kusuzumira pakhomo pa magazini ija ya akatswiri a zolembalemba ndi chikhalidwe. Ndimakupezani muli phee pambali pa mutu wa pepala langa. Mafumu athu onse 6, a Nsefu, a Jumbe, a Kakumbi, a Mnkhanya, a Malama ndi a Msoro, amadzukako pampando kukaweruza milandu ya malire a minda. Inu simusuntha. Ufumu weniweni ndi umenewo.

Sindikudandaula, mfumu yanga. Ndikungokumbutsa, monga mwana amatsokomola pafupi ndi nkhali ya nsima.

Munali mu Novembala 2022 pamene ndinatula kamtulo kanga pabwalo panu: kapepala konena za nyimbo za pamtondo zokwana 40, zimene agogo anga aakazi anandiimbira m'Chikunda chathu. Muli nyimbo zonyoza apongozi aumbombo, zolira amuna amene anapita kumigodi n'kuiwala njira yobwerera, zotukwana njovu yomaliza mapira usiku umodzi. Ndinazijambula pafoni, ndinazilemba, ndinazimasulira m'Chingerezi, pakuti ndinamva kuti pabwalo panu chinenero chathu chimakhala panja pamodzi ndi nsapato.

Lero papita miyezi 23. Akatswiri a nyama amati njovu imakhala ndi pakati miyezi 22. Ndiye kuti njovu imene inatenga pathupi sabata lomwe ndinakutumizirani pepalalo yabereka, ndipo kamwana kake kayamba kale kuphunzira njira ya ku mango athu. Ndaona kuti n'zoyenera, Wamkulukulu. Chimene inu mwanyamula n'cholemera kuposa njovu.

Ndithokozenso alonda a pachipata chanu. Fomu yanu inandifunsa dzina la yunivesite yanga, ndipo pamndandanda wonsewo, kuyambira Aberdeen mpaka Zurich, kasukulu kathu kadalibepo. Ndinasankha mawu akuti Other, kutanthauza ena ndi ena, ndipo ndinamva kuti mwanditcha dzina londiyenera. Ndili pakati potumiza, bando inatha. Nditagula ina, magetsi anazima, foni n'kufa. Tsiku lachitatu mbuzi inandipeza pachulu paja n'kudya tsamba lomwe ndinalembapo pasiwedi. Zonsezi ndi milandu yanga, Bambo. Ndani anandituma kubadwira kuchigwa?

Munandilamulanso kufufuta dzina langa ndi chilichonse chondizindikiritsa, kuti ounika asandidziwe, inenso ndisawadziwe. Nzeru zakuya zimenezo. Kwathu kuno wokuweruza umamuona nkhope, mawa lake mumakumana pamaliro, ndiye amayesa mawu asanawalavule. Kwanu woweruza amavala chigoba ngati Gule Wamkulu wa abale athu Achewa, kungoti gule amatuluka kudambwe nthawi ikakwana.

Ndisaname, Gogo Chalo: tsiku lina munasunthako. Patatha miyezi 9 munachoka pampando n'kukhazikapo nduna yanu, a Major Revisions, atanyamula makalata awiri.

Wounika woyamba anali waulemu. Anati ntchitoyi ndi yofunika, koma Chingerezi changa chikatsukidwe ndi mwini chinenero. Ndinavomera. Sindinafunse ngati Chikunda cha m'pepalamo chinapeza mwini chinenero wochiunika, chifukwa funso lotere ndi la mwana wopanda mwambo.

Wounika wachiwiri, Mulungu amuonjezere masiku, analemba masamba 4. Anafunsa chifukwa chake sindinatchule mokwanira buku la Ruth Finnegan la mu 1970 lonena za zolankhulidwa pakamwa za mu Africa. Bukulo ndi labwino ndithu, ndipo ndinakwera minibasi makilomita oposa 100 kupita ku Chipata kukalikopera pa kompyuta. Kenaka anafunsa funso limene landisowetsa tulo: umboni wolembedwa uli kuti wotsimikiza kuti nyimbozi zimaimbidwadi?

Apa ndinagwada kawiri. David Livingstone anaoloka Luangwa mu Disembala 1866, nalemba zimene anaona ali paulendo, ndipo iye ndi gwero lodalirika. Agogo anga amwa madzi a mtsinje womwewo zaka zoposa 80, koma malamulo anu a kalembedwe amawatcha personal communication, ndiye kuti macheza chabe, ndipo macheza salowa pamndandanda wa magwero kumapeto kwa pepala. Ndinawafotokozera. Anaseka mpaka kutsokomola, nati: "Uwauze abwere ndi munsi wawo, adzamve okha."

Sindinawalembere choncho ounika anu, Bambo. Ndinalemba kuti ndikuthokoza chifukwa cha ndemanga zawo zozama.

Ndikudziwa kuti chigwa chathu simuchinyoza. Nyamalikiti wa kuno analowa m'mabuku a akatswiri mu 1911, atapatsidwa dzina la bwana wina wachitsamunda, Thornicroft. Chiyambire 1950, pamene Norman Carr anagwirizana ndi a Nsefu kupatula malo osungirako nyama, ndi 1972 pamene South Luangwa inakhala paki, alendo satha pabwalo la ndege la Mfuwe. Mvuu zimawerengedwa. Mikango ina inavekedwa makolala a wailesi m'khosi, ndipo akatswiri amadziwa pomwe yagona usiku uno. Pepala langa lokha ndi limene palibe akudziwa pomwe lagona. Mwina ndikanalipatsa mchira.

Ndinakonza zonse, mfumu yanga, ndinatumizanso. M'mawa mwake ndinakwera pachulu, ndipo ndinakupezani mwabwerera pampando, mwakhala ngati simunachokepo. Misozi inalengeza. Ndinati ndi chimwemwe.

Ndamvanso za msonkho wanu, ndipo ndaulandira ndi manja awiri. Akuti pepala likavomerezedwa, ndikafuna kuti aliyense aliwerenge mwaulere ndilipire madola 1,500. Ndikalephera, mulitsekera m'nkhokwe, ndipo wofuna kuliona azilipira pakhomo. Ndawerengetsa: ndikagulitsa mbuzi zonse, njinga, ndi thonje la zaka zingapo, ndifika pa theka. Choncho ana a m'kalasi mwanga, adzukulu a eni nyimbozo, sadzaliwerenga. Palibe kanthu. Akanangodzitukumula.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Anatinso mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Ndikuona kuti miyambi iwiriyi inu munaimvetsa kuposa ife eni ake, pakuti mawu a agogo mwawagoneka mvula ziwiri. Luangwa wadzaza, waphwa, wadzazanso. Chilala cha 2024 chapsereza chimanga m'minda. Mwambo wa Malaila wachitika kwa a Nsefu, ng'oma zalira, anthu abalalika. Achigayo awonjezera makina ena pamsika, ndipo atsikana a masiku ano sadziwa kulemera kwa munsi. Inu muli chikhalire.

Tsono ndafika pa chimene ndagwadira. Sindikupempha kuti mufulumire, mfumu sithamanga. Sindikupempha yankho, ndikudziwa kuti kalata yanga yapita ija, ndi zinzake zitatu, zili pansi pa mphasa yanu, ndipo inonso ikagona pomwepo.

Pempho langa ndi la liwu limodzi. Patsamba lomaliza, pamene ndinathokoza amene anandithandiza, ndinalemba kuti ndikuthokoza agogo anga amene amaimba nyimbozi. Tinawaika m'manda mu Julayi. Azimayi a m'mudzi anayesa kuwaimbira imodzi mwa nyimbo zawo pobwera kumanda, koma anathera pakati, chifukwa wodziwa mawu otsala ndi amene tinamusiya kumeneko. Mawuwo ali patsamba 14 la pepala limene mwakhalira.

Ndinayesa kukonza ndekha, koma pakhomo panu panalembedwa kuti pepala likakhala m'manja mwanu silikhudzidwa. Choncho tsiku limene mudzanyamuke kukawongola miyendo, ngakhale ndili moyo kapena ayi, muuzeko mlembi wanu aikepo liwu lakuti malemu.

Ndawombanso m'manja. Ndikubwerera chambuyo, kuti ndisakufulatireni. Mawa, netiweki ikalola ndi mbuzi ikakhuta, tidzaonana pachulu.

Ine kapolo wa akapolo anu,
Other wa ku Mambwe